Mame amene sadakamuke

Tengani mgolo waukulu wamalata, muucheke pakati m'litali mwake, theka limodzi mulivundikire pansi. Kumaso muikeko chitseko ndi timawindo tiwiri, pakati muimikepo mbaula yachitsulo ya malasha. Imeneyo ndiyo nyumba imene Angerezi ankaitcha Nissen hut, ndipo adaikonzera asilikali ongodutsa. M'nyengo yozizira mpweya wa anthu ogona unkasanduka madzi kudenga n'kumadonthera pa zofunda. Wogona pafupi ndi mbaula ankachita thukuta, wakukhomo mano akuombana. Mabanja awiri akapatsidwa nyumba imodzi, malire awo adali bulangete lopachika pachingwe, moti chifuwa cha mnzako, kulira kwa khanda lake, ngakhale mkangano wa iye ndi mkazi wake, zonse zidali zakonso. Mpopi, bafa ndi chimbudzi zidali panja, za msasa wonse.

Umu ndi mmene mabanja zikwizikwi a ku Poland adayambira moyo ku Britain nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo ena adakhalamo zaka pafupifupi 20. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amene adakulira m'misasa imeneyi, omwe lero ndi agogo, amaikumbuka mokoma. Amasimba za magule a Loweruka usiku, za mpira, za tchalitchi chodzadza, za kusewera m'nkhalango mpaka mdima. Msampha uli pomwepa. Munthu akamva zimenezi sachedwa kunena kuti, mwaonatu, msasa si chinthu choipa, othawa kwawo akakhala paokha amasangalala. Ine ndikukana. Zokoma za m'misasa ya ku England monga Northwick Park, Doddington kapena Fairford adazipanga ndi anthuwo ndi manja awo, ndipo zidabala zipatso chifukwa khomo la msasa lidali lotsegula, lamulo likuwalola kutuluka kukagwira ntchito ndi kukakhala kumene afuna. Malatawo sadathandize kalikonse.

Ulendo wawo udadutsa pakhomo pathu penipeni, ndiye tiutsate pang'ono. Mu September 1939 dziko la Poland lidang'ambidwa pawiri: Germany idalowa kuchokera kumadzulo pa 1, Soviet Union kuchokera kummawa pa 17. Pa 10 February 1940, chisanu chili pachimake, apolisi achinsinsi a Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, adayamba kugogoda m'makomo usiku kummawa kwa Poland. Banja linkapatsidwa kanthawi kochepa komangira katundu, kenako n'kulongedwa m'mabogi a sitima onyamulira ziweto, ulendo wa ku Siberia, ku Kazakhstan kapena kunkhalango za Arkhangelsk kokagwetsa mitengo. Pofika pakati pa 1941, anthu oposa 300,000 adali atasamutsidwa motere. Hitler ataukira Stalin mu June chaka chimenecho, mphepo idatembenuka: akaidi aja adamasulidwa kuti apange gulu lankhondo lotsogozedwa ndi General Władysław Anders, yemwe naye adali atangotuluka m'ndende ya Lubyanka ku Moscow. Mu 1942 anthu pafupifupi 115,000, asilikali ndi anthu wamba, adatuluka m'dziko la Stalin kulowa ku Iran, ambiri powoloka nyanja ya Caspian pa zombo. Adafika ali mafupa okhaokha, nsabwe thupi lonse, ndipo ena ambiri adamwalira atangoponda mtunda.

Amuna adapita kunkhondo, ndipo ndi omwe adakakweza mbendera pamwamba pa Monte Cassino ku Italy mu May 1944. Akazi, ana ndi okalamba adamwazidwa m'maiko: India, Mexico, New Zealand, Lebanon, ndipo pafupifupi 18,000 adabwera kuno ku Africa. Msasa waukulu udali wa Tengeru, pafupi ndi Arusha. Ina idali ku Masindi ndi ku Koja m'dziko la Uganda, ku Rusape ndi ku Marandellas mu Southern Rhodesia, ndipo mu Northern Rhodesia idali ku Lusaka, ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, ku Abercorn komwe lero ndi Mbala, komanso ku Fort Jameson. Inde, Chipata yomweyi ya kuseri kwa Mchinji. Amayi opulumuka chisanu cha Siberia adadzakhala pakati pa anthu olankhula Chinyanja, koma ndi angati a ife amene tidazimvapo m'kalasi?

Nkhondo itatha mu 1945, owasunga adaganiza kuti mlendo ndi mame, dzuwa likangotuluka akamuka. Vuto lidali lakuti kwawo kudali kutasamuka. Pa msonkhano wa ku Yalta mu February 1945, Roosevelt wa ku America, Churchill wa ku Britain ndi Stalin adamvana kuti madera a kummawa kwa Poland akhale a Soviet Union. Mizinda ngati Lwów ndi Wilno idagwera tsidya lina la malire, ndipo lero ndi Lviv ku Ukraine ndi Vilnius ku Lithuania. Poland yotsalayo idagwa m'manja mwa boma lachikomyunizimu lomvera Moscow. Timati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma mwambiwu umafuna kuti kwanuko kukhale kulipo. Mayi amene adakwirira mwana m'mbali mwa njanji ku Kazakhstan, kumuuza kuti abwerere kumudzi kudali kumupereka kwa anthu omwe aja adamugogodera usiku.

Boma la Britain lidayesa ndithu kuwakankha. Mu 1946 nduna yoona za maiko akunja, Ernest Bevin, idatumizira asilikali a Chipolishi uthenga wowalimbikitsa kubwerera kwawo, ndipo ambiri adapitadi. Pa perete wamkulu wokondwerera chipambano ku London pa 8 June 1946, asilikali a Anders sadaonekepo, poopa kukwiyitsa Stalin. Chaka chomwecho boma la ku Warsaw lidalanda Anders unzika. Koma otsalawo adali ochuluka moti sakadangowasesa, ndipo Churchill adali atanena kale m'Nyumba ya Malamulo kuti Britain sidzaiwala ngongole yake kwa asilikaliwa. Kunalinso chifukwa china chosakoma kutchula pa maliro: dzikolo linkasowa anthu ogwira ntchito m'migodi, m'minda ndi m'mafakitale. Choncho mu 1946 kudakhazikitsidwa Polish Resettlement Corps, gulu lokonzekeretsa asilikali moyo wa anthu wamba, ndipo mu March 1947 kudabwera lamulo la Polish Resettlement Act, lopatsa maunduna udindo wowasamalira pa za umoyo, maphunziro, penshoni ndi chithandizo cha osowa. Asilikali adaloledwa kuitanitsa mabanja awo. Zombo zidayamba kukocheza ku Southampton ndi ku Liverpool zitanyamula amayi ndi ana ochokera ku Africa ndi ku India, ndipo amuna ena adaona akazi awo koyamba patatha zaka zisanu kapena kuposerapo. Nyumba m'mizinda zidali zitatha ndi mabomba, ndiye boma lidawaika m'misasa ya asilikali ndi m'zipatala zankhondo zimene Amereka adasiya kumidzi. Kalembera wa 1951 adapeza anthu oposa 160,000 obadwira ku Poland.

M'mbiri yonseyi, ine chimandigwira mtima ndi nkhani ya mphika. Poyamba, m'misasa yambiri anthu ankadyera pamodzi chakudya chophikidwa m'khitchini imodzi, pa nthawi yoikika, ngati pasukulu yogonera konko. Palibe amene ankagona ndi njala, koma mayi wosaphikira ana ake amakhala mlendo m'nyumba yake yomwe. Patapita nthawi mabanja adayamba kudziphikira okha, wogwira ntchito n'kumalipira lendi, ndipo misasa idasintha nkhope. Kuseri kwa nyumba zamalata kudabadwa timadimba ta kabichi, mbatatesi, anyezi, nkhaka ndi bitiruti. Kudamangidwa makola a nkhuku ndi akalulu. Kabichi ankamuwaza bwinobwino, kumuthira mchere, kumutsendereza mumgolo n'kusanjikapo mwala kuti asase, ikhale ndiwo ya nyengo yonse yozizira. Nthawi ya bowa ikafika, banja linkalawirira kunkhalango ndi madengu, Angerezi oyandikana nawo akuyang'ana mwamantha poti iwo bowa wakutchire ankamuyesa chiphe. Wotsala ankamutunga paulusi n'kumuyanika pamwamba pa mbaula. Amene adaonapo chikwatu cha bowa wofutsa chikulendewera kutsindwi kwa agogo akudziwa tanthauzo lake: munthu wosunga ndiwo wayamba kuwerengera chaka chamawa.

Nyumba imodzi yamalata sinkachedwa kusanduka tchalitchi. Amisiri a mumsasa momwemo ankakhoma guwa ndi mabenchi, pakhoma n'kupachika chithunzi cha Amayi Maria a ku Częstochowa kapena a ku Ostra Brama, a ku Wilno kuja adataya. Ansembe ambiri adali omwe adayenda ndi asilikali, ena opulumuka ku Siberia, ena kundende ya Ajeremani ya Dachau, moti palibe chimene mkhristu akadaulula chowadabwitsa. Pa chikondwerero cha Thupi ndi Magazi a Ambuye ankamanga maguwa anayi panja, kuwakongoletsa ndi nthambi zaziwisi ndi nsalu zopeta, mdipiti n'kumayenda kuchoka guwa lina kupita lina, tiatsikana tovala zoyera tikumwaza maluwa m'njira. Loweruka Loyera ana ankanyamula timadengu ta mazira, buledi, mchere ndi soseji kuti wansembe adalitse. Madzulo a pa 24 December banja linkadikira nyenyezi yoyamba lisanakhale pansi kudya, kenako n'kugawana opłatek, kamkate kopyapyala konga ka pa Misa, aliyense akunyema ka mnzake ndi kumufunira mafuno abwino. Patebulo pankatsala mbale imodzi yopanda mwini, ya mlendo wodzidzimukira. Mwambowu ndi wamakolo, koma m'nyumba imene bambo adaphedwa ndi apolisi a Stalin m'nkhalango ya Katyń, mwana adatsala m'manda ku Uzbekistan, mlongo ali kuseri kwa malire otsekedwa, mbale imeneyo sinkafuna womasulira.

Padalinso masukulu a mkaka, magulu a masikauti, makwaya, timu ya mpira, masewero a zisudzo ndi holo ya magule. Kuyambira 1947 mpaka 1954 padali komiti yapadera ya boma yoyang'anira maphunziro a Apolishi, yomwe idayendetsa masukulu ngati Stowell Park ya atsikana. Pambuyo pake ana ambiri ankapita kusukulu ya Chingerezi mkati mwa sabata, Loweruka n'kukaphunzira Chipolishi ndi mbiri ya dziko limene sadaliponde. Ana omwewa ndi amene ankamasulira makolo awo kuchipatala ndi kumaofesi, kamwana ka zaka 9 kakufotokozera dokotala matenda a mayi ake.

Tsono funso ndi ili: kodi zonsezi zikutsimikiza kuti msasa ndi wabwino? Yankho lili kuno ku Africa, chifukwa anthu omwewa adakhalapo m'misasa ya mitundu iwiri. Ku Tengeru kudalinso masukulu, masikauti, minda, ziweto ndi makwaya. Ku Nyabyeya, pafupi ndi Masindi, othawa kwawo, ambiri a iwo amayi, adamanga tchalitchi chimene chikadalipo mpaka lero. Kukadakhala kuti muyeso ndi kuimba, kupemphera ndi kuvina, Tengeru ikadaposa Northwick Park, poti kudalinso dzuwa ndi zipatso. Koma kuno kudalibe mawa. Kutuluka mumsasa kunkafuna chilolezo, ndipo ngakhale kutauni imene lero timaitcha Chipata, chipata chawo sichidali m'manja mwawo. Atsamunda sankakondwa ndi azungu osauka, ogwira khasu ndi manja awo, chifukwa ankaononga bodza lakuti mzungu ndi bwana mwachibadwa. Sankafunanso kuti azisakanikirana ndi anthu akuda amene adawamangira misasayo ndi kuwagwirira ntchito. Nkhondo itatha, ochepa okha ndi amene adaloledwa kukhazikika. Moyo wokoma uja udali wa pamalo odikirira.

Ku Britain m'mawa bambo ankakwera njinga kapena lole ya kampani kupita kouumba njerwa, kumunda wa Mngerezi, kufakitale ya nsalu kapena kumene kukumangidwa nyumba. Mayi naye nthawi zambiri ankagwira ntchito. Ndalama ankazisunga mouma mtima, ndipo zikakwana ankagula nyumba yakale m'tauni, zipinda zina n'kuchititsa lendi Apolishi anzawo kuti ngongole ithe msanga. Mabanja ambiri a ku Fairford adasamukira ku Swindon motero, ena adakadzadza Bradford, Manchester ndi Ealing ku London. Kumene ankapitako ankanyamula zonse zija adaphunzira mumsasa: parishi, sukulu ya Loweruka, kalabu ya asilikali akale. Msasa unkadzikhuthula wokha, banja limodzi limodzi, popanda wapolisi wothamangitsa munthu. Umodzi umene adaumanga m'malata udawathandiza kutuluka, chifukwa kunja kudali kopita.

Tisakometse nkhani mopyola. Kunjako sadawalandire ndi nthungululu. M'makoma munkalembedwa mawu owauza kuti azipita kwawo. Mabungwe ena a anthu apantchito adawakana, ndipo la ogwira ntchito m'migodi lidalola pokhapokha atamvana kuti ntchito ikachepa, Mpolishi ndiye woyamba kuchotsedwa. Monga alendo, ankayenera kulembetsa kupolisi ndi kukanena akasamuka. Kupatula madokotala ndi ena ochepa, mapepala a sukulu a ambiri adasanduka opanda ntchito, moti maloya, aphunzitsi ndi akuluakulu a asilikali ankatsuka mbale m'mahotela. General Stanisław Maczek, amene gulu lake la akasinja lidamasula mzinda wa Breda ku Netherlands mu 1944, sadapatsidwe penshoni ya usilikali ndipo adakagulitsa mowa mubala ya hotela ku Edinburgh. General Stanisław Sosabowski, amene adatsogolera asilikali odumpha m'ndege pa nkhondo ya ku Arnhem m'dziko lomwelo la Netherlands, adathera m'fakitale ku London ngati wantchito wamba. Ku Mabledon, m'chigawo cha Kent, kudali chipatala cha Apolishi ovutika maganizo. Ana amakumbuka bowa ndi magule chifukwa adali ana. Zimene makolo ankalota usiku kuseri kwa bulangete lija, ambiri adapita nazo kumanda osauza munthu.

Pali mfundo imodzi ya otsutsana nane imene ndikuivomera ndi mtima wonse. Khomo lotsegula silithandiza aliyense mofanana. Amasiye okalamba, olumala pankhondo, ndi ena amene Chingerezi chidawakanika, kwa iwo msasa udali chifundo chenicheni. Kumeneko ankatha kugula, kudandaula, kulapa ndi kufa m'chilankhulo chawo. Ena atauzidwa kuti msasa ukutsekedwa adalira, ndipo sindingawanene kuti adalakwa. Koma onani kusiyana kwake: iwo adatsala chifukwa adafuna, ana awo ali ndi ufulu wopita. Kukhala pamodzi mwa kufuna kwanu ndi mudzi. Kusonkhanitsidwa pamodzi ndi lamulo, ngakhale muziimba bwanji, ndi chinthu china.

Palinso china chimene sitingachilambalale, ife makamaka. Chombo cha Empire Windrush chitakocheza ku Tilbury mu June 1948 ndi anthu a ku Caribbean, mudalinso Apolishi 66, ambiri amayi ndi ana, amene adakwerera ku Tampico m'dziko la Mexico kudzakumana ndi amuna ndi abambo awo. Chombo chimodzi, doko limodzi. Apolishi adapeza lamulo lowalembera iwo, misasa yowadikira ndi komiti ya maphunziro. Anthu akuda aja, omwe ena adamenyeranso Britain nkhondo yomweyo, ambiri adadzionera okha pogona, eni nyumba akuwatsekera zitseko. Ndipo mwana wa Mpolishi akangodziwa Chingerezi, nthawi zina n'kufupikitsa dzina, ankasowa m'gulu. Khungu lidawatsegulira njira imene ena sadaipeze. Izi sizichotsa kanthu pa masautso awo, koma zikutionetsa kuti boma likafuna, limadziwa bwino lomwe kulandira anthu. Likamati sizingatheke, nthawi zambiri limatanthauza kuti silikufuna.

N'chifukwa chake nkhaniyi sindingaiwerenge osaganiza za Dzaleka ku Dowa, msasa umene udatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe padali ndende ya andale. Udakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 kapena 12,000, lero muli oposa 50,000. Namonso muli matchalitchi, mizikiti, makwaya, masukulu, oimba ndi ojambula, ndipo alendo akapitako amabwerako akuyamikira kulimba mtima kwa anthuwo. Kuyamikirako n'koyenera, koma kusatiphimbe m'maso. Malamulo athu salola othawa kwawo kukhala ndi kugwira ntchito momasuka kunja kwa msasa, ndipo mu 2023 amene adali m'matauni adatoleredwa kubwezedwa komweko. Ndikudziwa kuti Malawi si Britain, ntchito n'zosowa ngakhale kwa eni dziko, ndipo nkhawa imeneyi si yopeka. Koma ana obadwira ku Dzaleka m'zaka zoyambirira pano ali ndi ana awo, pomwe misasa yambiri ya Apolishi idali itatsekedwa zaka 25 zisanakwane. Dzaleka ikufanana kwambiri ndi Tengeru kusiyana ndi Northwick Park.

Apolishi ambiri a m'badwo woyamba adakhala zaka ndi zaka osatenga unzika wa Britain, akuti mawa chikomyunizimu chigwa, tibwerera. Chidagwadi, koma mochedwa. Mu December 1990 Ryszard Kaczorowski, pulezidenti womaliza wa boma la Poland limene lidathawira ku London pa nthawi ya nkhondo, yemwe naye adadutsa m'ndende za Stalin ndi m'gulu la Anders, adapita ku Warsaw kukapereka zizindikiro za upulezidenti kwa Lech Wałęsa, pulezidenti watsopano wa Poland. Pa nthawiyo ambiri mwa amene ankadikira tsikuli adali atagona kale m'manda a kumidzi ya ku England, monga a ku Blockley pafupi ndi Northwick Park. Msasa wa Northwick udatsekedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo nyumba zina zotsala muli timakampani ting'onoting'ono. Chipatala cha Apolishi cha ku Penley m'dziko la Wales, kumene kudabadwira ana ambiri a m'misasa, chidatsekedwa mu 2002.

Malo amodzi adakana kutha. Ku Ilford Park, pafupi ndi Newton Abbot m'chigawo cha Devon, msasa udatsegulidwa mu 1948 m'chipatala chakale cha asilikali a ku America, ndipo anthu oyandikana nawo adautcha Little Poland. Achinyamata atatuluka, okalamba adatsala, ndipo mu 1992 boma lidawamangira nyumba yatsopano yosamalira okalamba pamalo pomwepo, yoyendetsedwa ndi unduna wa za chitetezo potsatira lamulo lija la 1947. Muli kachipinda kopemphereramo ndipo chakudya chimaphikidwa cha Chipolishi. Amene adali makanda ku Tengeru, ku Lusaka ndi ku Abercorn pano akuyandikira zaka 80, ena adutsa kale.